Kudula Madigadi

Usiku wa Disembala ku Egilsstaðir sudziwa kutsanzika.
Ndinautenga n'kulowa nawo m'galaja.

Pikapu ya bambo inali pa majeke anayi,
yovula matayala, dzimbiri la mchere wa mumsewu
likuyoyoka ngati nkhanambo.
Ndinajambula mzera ndi choko pamwamba pa madigadi,
uta waukulu, wokwera mpaka kufupi ndi chitseko.

Bambo Sigvaldi anali pa chigubu cha oyilo,
ndodo pakati pa mawondo.
"Arndís, zaka makumi awiri ndi zitatu
sindinaikandepo ngakhale ndi chikhadabo.
Iwe ukubwera ndi macheka?"

Sindinayankhe. Macheka anayankha.
Nthethe za moto zinalumphira pa nsapato zawo
ndipo sanasunthe phazi.
Chidutswa chofiira chitagwa pa simenti, ngwee,
anachitola, nachitembenuza kawiri,
natuluka nacho osatseka chitseko.

Matayala atsopano amandifika m'nthiti.
Limodzi ndi lolemera kuposa ine.
Kuti alowe, ndinakankhira ekiselo m'mbuyo,
ndinakweza thupi lonse ndi chikhatho chimodzi ndi theka,
ndinasintha mano a magiya
kuti injini isamalire ngati yasenzetsedwa nyumba.
Paipi ya mabuleki inaperewera ndi chala chimodzi.
Chala chimodzi basi!
Masiku asanu ndi anayi kudikira ina kuchokera ku Akureyri,
msewu wa m'mapiri utatsekedwa.

Ndinawotcherera thanki yachiwiri,
n'kudziwotcha pa mkono; chipsera chake chilipo.
Mphuno ya injini ndinaikwezera padenga
kuti izipuma tikamawoloka mitsinje.
Ndalama zinatha mu Febuluwale.
Winchi ndinagula yakale, kwa Hjörleifur,
ya chingwe chothothoka pansonga.

Bambo sanabwerenso m'galaja.
Koma m'mawa uliwonse sipanala ya nambala 19
ndinkaipeza pamalo ena.

Epulo. Tinakwera ku Fljótsdalsheiði,
kumene ankasaka nkhosa zosochera mawondo asanawakane.
Ndinawakweza pa makwerero a kukhitchini.
Anangoti, "Galimoto yokwera ndi makwerero,"
nayang'ana pawindo.

Msewu unatha. Zikwangwani zinatha.
Kunatsala kuyera kokha, mbee,
kosasiyanitsa dziko ndi thambo.
Ndinaponda mafuta monyada,
ndipo tinamira mpaka m'mimba.

Miyezi inayi ya zala zong'aluka
inakhala pamenepo, ikukumba dzenje lake.

"Chotsa phazi," anatero.
"Tsika. Tulutsa mpweya."
Ndinagwada pa chipale, n'kutsegula mavavu.
Tsiii.
"Wina."
Bambo, lifwamphuka pa limu.
"Wina."
Tayala linaphwa, linagona, linatambasuka
ngati phazi la tsekwe,
makwinya m'mbali ngati a pakhosi pawo.

"Tsopano giya yotsikitsitsa. Usaikakamize.
Pita pang'ono, bwerera, pitanso.
Chipale sichikonda munthu wachangu."

Tinasuntha ndi chikhatho. Kenaka mkono.
Kenaka matani atatu a chitsulo
anakwera pamwamba pa chinthu
chimene mwana amamiramo mpaka m'chiuno,
n'kuyandama.

Tinayenda liwiro lochepera la munthu wapansi.
Mphalapala zisanu za kuno zinatiyang'ana,
zinaona kuti palibe chothawa.
Phiri la Snæfell linatuluka m'mitambo phewa limodzi lokha.
Bambo anatchula maina a zigwa zokwiririka,
chimodzichimodzi, ngati akuwerenga nkhosa pa chipata,
ndipo pa chachinayi mawu anawathawa.
Ndinayang'ana geji ya mafuta nthawi yaitali.

Pa khumbi la abusa anakana dzanja langa.
Anazungulira galimoto ndi ndodo, pang'onopang'ono,
natulutsa m'jekete chidutswa chofiira chija,
nachiyeza pabala.

"Kumanja unadula mokhota," anatero.

N'zoona. Ndinadula mokhota.
Anabweza chidutswa m'thumba,
nandifunsa ngati pampu ndinaikumbukira,
poti kumunsi kuli tala
ndipo sitingabwerere kunyumba ndi mapazi ofewa.